Attachment, internship ndi ntchito za chilengedwe ku Malawi: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera kuchokera kwa ophunzira za chilengedwe, nkhalango, nsomba, madzi, zanyengo ndi nyama zakutchire, kaya ali ku Bunda, ku NRC, ku Mzuni, ku MUST, ku MUBAS kapena ku Chanco. Ena ndi a anthu amene anavala kale gauni koma akadali pakhomo.

Ndikamaliza maphunziro a za chilengedwe, angandilembe ntchito ndani?

Ambiri akamva za chilengedwe, m'maso mwawo mumabwera njovu za ku Liwonde ndi galimoto ya Land Cruiser. Ntchito zoterozo zilipo, koma ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zina zonse.

Boma ndiye mlembi wamkulu. Kuli nthambi ya nkhalango, ya nsomba, ya malo osungirako nyama zakutchire, ya zanyengo, yosamalira nthaka pansi pa unduna wa zamalimidwe, DoDMA yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, komanso MEPA, bungwe loteteza chilengedwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017. Ku Zomba kuli FRIM yochita kafukufuku wa nkhalango ndi National Herbarium and Botanic Gardens. Khonsolo iliyonse ili ndi ofesi ya za chilengedwe ndi ya nkhalango.

Kenako pali mabungwe omwe si aboma: African Parks, Lilongwe Wildlife Trust, Wildlife and Environmental Society of Malawi (WESM), Mulanje Mountain Conservation Trust, Ripple Africa, Total LandCare, CEPA, LEAD ku Zomba ndi ena. Gulu lachitatu ndi limene ophunzira amaliiwala: makampani. EGENCO imalimbana ndi namasupuni ndi matope pa mtsinje wa Shire chifukwa zimatseka makina ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Lilongwe Water Board singagone tulo mitengo ikamatha ku Dzalanyama, poti mtsinje wa Lilongwe umayambira kumeneko. Illovo ku Nchalo ndi Dwangwa, minda ya tiyi ku Thyolo ndi Mulanje, Raiply ku Chikangawa, makampani omanga misewu ndi a migodi, onsewa amafuna munthu wodziwa za madzi, nthaka, zinyalala ndi malamulo a chilengedwe.

Attachment ndi internship n'chimodzimodzi?

Ayi. Attachment ndi gawo la maphunziro anu. Mumapita mukadali wophunzira, sukulu imakupatsani kalata, mumalemba zimene mwachita tsiku ndi tsiku, ndipo pomaliza pamakhala lipoti ndi magiredi. Internship kawirikawiri imabwera mutamaliza, imatenga nthawi yotalikirapo, ndipo amakuyang'anani ngati wantchito, osati ngati mwana wasukulu. Boma linayambitsa ndondomeko yake ya internship ya omaliza maphunziro mu 2018 kudzera ku unduna wa zantchito, ndipo achinyamata amatumizidwa m'maunduna ndi m'makhonsolo.

Ndiyambe liti kufunafuna malo, ndipo kalata ndiilembe bwanji?

Yambani semesita isanafike pakati. Mukadikira kuti mayeso athe, mudzapeza kuti ofesi imene mumaifuna yalandira kale makalata a kalasi yanu yonse, kuphatikizapo a masukulu ena atatu.

Kalata yambiri imene imafika pa desiki imanena chinthu chimodzi: wolembayo amakonda chilengedwe kuyambira ali mwana ndipo ndi wolimbikira. Bwana wawerenga zimenezo kambirimbiri. Chomwe akufuna kudziwa n'chakuti mukabwera, ndi ntchito iti imene ichoke pa mutu pake. Choncho fufuzani kaye zimene ofesiyo ikuchita chaka chino. Ngati ndi Mulanje Mountain Conservation Trust, dziwani za mkungudza wa m'phiri la Mulanje, za nazale zake ndi za moto wolusa umene umapha mbande zobzalidwa kumene. Ndiye lembani kuti mumatha kugwiritsa ntchito GPS, mutha kuwerenga mbande zomwe zapulumuka ndi kuziika pa mapu. Tsamba limodzi likwana. Tchulani masiku amene mudzakhalepo, komanso ngati muli ndi wachibale woti mukhale naye pafupi, chifukwa nkhani ya malo ogona ndi imene imakanitsa maofesi ambiri kulandira ophunzira.

Ku maofesi a boma, kalata yopita nayo pamanja imayenda kuposa imelo. Valani bwino, perekani moni kwa mlonda ndi kwa sekilitale monga mungachitire kwa bwanayo, ndipo funsani tsiku loti mudzabwerenso kudzamva yankho.

Anzanga apita ku mabungwe akuluakulu, ine ndapeza malo ku khonsolo basi. Kodi ndaluza?

Simunaluze, ndipo mwina ndinu amene mwapata. Ichi ndi chinthu chimene ndimafuna wophunzira aliyense atachimva asanafike chaka chachitatu.

Ku bungwe lalikulu kuli dzina lokongola pa CV, koma wophunzira wa masabata ochepa nthawi zambiri amangopatsidwa kompyuta kuti alowetse manambala amene ena anatolera. Ku ofesi ya nkhalango ya pa boma kuli anthu ochepa, ntchito ili mbwee, ndipo mafuta a galimoto ndi osowa. Zotsatira zake n'zakuti sabata yachiwiri yomwe mumapezeka muli kumbuyo kwa njinga yamoto ya mlangizi, mukupita kukakumana ndi komiti yosamalira zachilengedwe ya m'mudzi.

Kumeneko n'kumene mumaphunzira zimene ku kalasi sizinenedwa. Mumaphunzira kuti simungayambe msonkhano musanakaonekere kwa a mfumu, ndipo ngati a gulupu sanauzidwe, mpando wawo ukhala wopanda munthu ndipo zonse mwakambiranazo zathera pomwepo. Mumaona mmene anthu amakhalira pansi pa mtengo wa mango, abambo pa mabenchi, amayi pa mphasa chapatali, ndipo mumazindikira kuti amene amatola nkhuni tsiku ndi tsiku ndi omwe sakulankhula. Wina amakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Alangizi, nanga alawansi ilipo?" Mayi wina amafunsa kuti akasiya kuotcha makala, fizi ya mwana wa ku sekondale ichokera kuti. Mayankho a mafunso awiriwa mulibe mu notsi zanu, koma ntchito yonse yoteteza nkhalango m'dziko muno yagona pamenepo. Pafupifupi banja lililonse limaphikira nkhuni kapena makala, ndipo thumba la makala limene lalandidwa pa rodibuloko limakhala ndi wogula amene akulidikira ku Ndirande kapena ku Area 25.

Munthu amene wakhalapo pa misonkhano yotere, wadzazapo dothi m'machubu pa nazale, wayezapo akalozera ndi kubzala vetiva, wathandizapo kulemba malamulo a nkhalango ya m'mudzi, akafika pa intavyu amayankha ndi zitsanzo. Mabungwe aja mumawasirira, mapulojekiti awo amadutsa ku khonsolo komweko. Akamafuna wantchito wa kumudzi, amafunsa a DFO, mkulu wa za nkhalango pa boma, kapena ofesala wa za chilengedwe kuti, kodi pali mnyamata kapena mtsikana amene munamuona kuti ndi wakhama?

Kodi amalipira?

Pa attachment, musayembekezere kanthu. Ena amapereka ya thiransipoti kapena ya nkhomaliro mukapita ku field, ena ayi. Internship ya boma inayamba ndi K80,000 pa mwezi mu 2018. Funsani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu kuti panopa ndi zingati komanso kuti kulembetsa kutsegulidwa liti. Mabungwe amasiyana, ndiye funsani poyera musanayambe: ndalama, malo ogona, komanso amene adzalipire mukavulala kapena kudwala muli kutchire. Kufunsa zimenezi si mwano.

Mukaona pa intaneti mabungwe akuitana anthu ongodzipereka koma mtengo wake uli m'madola kapena mapaundi, dziwani kuti amenewo akuitana alendo ochokera kunja, amene ndalama zawo zimathandiza kuyendetsa bungwelo. Musathawe. Alembereni n'kufunsa ngati ali ndi dongosolo la ophunzira a ku Malawi.

Ine mtima wanga uli pa nyama zakutchire. Ndilowera khomo liti?

Yambani ndi kudziwa amene akuyendetsa malo ati. African Parks, mogwirizana ndi boma, inatenga Majete mu 2003, Liwonde ndi Nkhotakota mu 2015, ndi nkhalango ya Mangochi mu 2018. Peace Parks Foundation inasainira mgwirizano wa zaka 20 mu 2023 wothandizana ndi boma kuyendetsa Nyika ndi Vwaza. Ku Kasungu, bungwe lakunja loteteza nyama la IFAW lakhala likugwira ntchito ndi boma, ndipo mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde. Lengwe, Mwabvi ndi Lake Malawi National Park ndi malo enanso oti muwaganizire. Lilongwe Wildlife Trust imasamalira nyama zovulala ndi zolandidwa, imaphunzitsa ana asukulu, komanso imathandiza pa milandu ya ozembetsa minyanga ndi ngaka.

M'malo amenewa, ntchito zambiri ndi za ulonda, za mpanda, zokonza misewu ndi magalimoto, zokopa alendo ndi zoyenda m'midzi yozungulira. Za kafukufuku, zomwe omaliza digiri ambiri amazilota, ndi zowerengeka, ndipo amene wazipeza sachoka msanga. Ulonda, umene kumudzi amangoti agemu, ndi ntchito ya thupi: kusankha kwake kumayamba ndi kuthamanga ndi kunyamula katundu, ndipo ukalowa umagona kutchire masiku angapo, kuchotsa misampha ya waya ndi kukumana ndi anthu onyamula mfuti. Walira mvula walira matope.

Khomo limene limatseguka kawirikawiri kwa wa digiri ndi la ntchito za m'midzi. Njovu ikathyola mpanda n'kudya chimanga cha munthu usiku umodzi, kapena ikapha munthu, wina ayenera kupita kukakhala pa maliropo, kumva mkwiyo wa anthu ndi kulemba zomwe zachitika mosakondera. Chilungamo chake n'chakuti ntchito yosamalira nyama ndi ntchito ya anthu. Ngati mumatopa ndi anthu, ganizaninso.

Nanga za nsomba?

Kunyanja mwayi ulipo ndipo opikisana nawo ndi ochepa. Nthambi ya nsomba ili ndi malo a kafukufuku ku Monkey Bay ndi sukulu ku Mpwepwe, Mangochi. Ripple Africa, yomwe inayambira ku Nkhata Bay, imagwira ntchito ndi makomiti a asodzi poteteza malo oswanirana chambo ndi kuthana ndi usodzi wa neti za udzudzu. Ngati mukufuna mutu wa kafukufuku, onani chilumba cha Mbenje ku Salima, kumene a mfumu Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka ndi kutsegula usodzi chaka ndi chaka kuyambira m'ma 1950. Nyanja ya Chilwa, imene inalowa m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse mu 1997 ndipo inaphwa mu 1995 ndi 2018, nayonso siisowa ochita kafukufuku. Ulimi wa nsomba za m'maiwe ndi m'makhola a m'nyanja ukufunanso anthu odziwa za madzi ndi chakudya cha nsomba.

Ndi maluso ati amene ndiwonjezere pa digiri yanga?

Oyamba ndi mapu. Pulogalamu yopangira mapu ya QGIS ndi yaulere, imayenda pa laputopu wamba, ndipo munthu amene angatenge malire a nkhalango pa GPS n'kutulutsa mapu aukhondo sasowa chochita pa ofesi iliyonse. Achiwiri ndi kutolera mayankho pa foni ndi KoboToolbox kapena ODK. Muzitha kupanga fomu nokha, osati kungoidzaza. Achitatu ndi Excel yeniyeni, kenako pulogalamu yosanthulira manambala ya R ngati mukufuna za kafukufuku. M'malo osungirako nyama mudzamva za SMART ndi EarthRanger, mapulogalamu osungira ndi kutsatira zimene alonda a nyama apeza. Okonda ma drone afufuze za African Drone and Data Academy, imene UNICEF inayambitsa mu 2020 ndipo imagwirizana ndi MUST.

Pali zinthu zina ziwiri zimene sizimveka zapamwamba. China ndi laisensi ya njinga yamoto, imene zotsatsa ntchito za kumudzi zambiri zimaitchula, ndipo atsikana amene ali nayo amaonekera msanga pa mulu wa makalata. China ndi chilankhulo. Kufotokoza za kusintha kwa nyengo m'Chingerezi n'kosavuta. Yesani kufotokozera agogo anu osaponyamo liwu lachizungu. Ngati mukupita ku Rumphi, Mangochi kapena Nsanje, Chitumbuka, Chiyao kapena Chisena cha moni ndi cha pamsika chidzakutsegulirani zitseko.

Ndipo phunzirani kulemba lipoti lalifupi lomveka. Mabwana ambiri amadandaula za ichi kuposa china chilichonse.

Ndamva kuti ndalama zili ku ESIA ndi ku migodi. Kodi kugwira ntchito kumeneko si kugulitsa chilengedwe?

Lamulo limafuna kuti ntchito zikuluzikulu, monga damu, msewu, mgodi kapena sikimu ya mthirira, ziyambe zaunikidwa mmene zidzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo lipotilo livomerezedwe ndi MEPA. Kuunika kumeneku n'kumene kumatchedwa ESIA. Ntchito zotere zikuchuluka: magetsi a ku Mpatamanga, ngalande yaikulu ya mthirira ku Chikwawa ndi Nsanje, migodi ya Kayelekera ku Karonga, Kangankunde ku Balaka, Kasiya ku Lilongwe ndi Songwe Hill ku Phalombe. Makampani a akatswiri amene amalemba malipotiwa amafuna achinyamata otenga madzi ndi dothi zokayeza, owerenga mitengo ndi mbalame, ofunsa mabanja ndi olemba zokambirana pa misonkhano. Nthawi zambiri ndi ganyu wa masabata, koma omaliza maphunziro ambiri anayambira pamenepo. Makontirakitala nawonso amalemba maofesala oona za chilengedwe ndi chitetezo cha antchito, choncho satifiketi ya zaumoyo ndi chitetezo pa ntchito imathandiza.

Za kugulitsa chilengedwe, maganizo anga ndi awa: mgodi udzakumbidwa inu mulipo kapena mulibe, ndipo ndi bwino kuti woyeza madzi a m'chitsime cha m'mudzi akhale munthu wodziwa ndi woona mtima. Pamene pali ngozi ndi pa siginecha. Tsiku lina wina adzakupemphani kuti mulembe mayina a anthu amene sanabwere ku msonkhano, kapena mukopere mutu wonse kuchokera ku lipoti la dera lina. Anthu a ntchito imeneyi m'dziko muno ndi ochepa ndipo amadziwana. Dzina likada, lada.

Ndilibe digiri. Ndili ndi MSCE kapena dipuloma. Pali malo anga?

Alipo. Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza imaphunzitsa satifiketi ndi dipuloma, ndipo alangizi ambiri a nkhalango ndi a nyama anadutsa kumeneko. NRC ili ndi madipuloma amene mutha kudzapitiriza nawo mpaka digiri. Musanalipire fizi pa sukulu iliyonse yomwe si yaboma, onani ngati maphunzirowo ndi ovomerezeka ndi NCHE, bungwe la boma loona za maphunziro apamwamba.

Paliponse akufuna zaka ziwiri kapena zitatu zogwirapo ntchito. Ndizitenga kuti?

Muziwerenga zonse zimene mwachita, ndipo muzisunga umboni. Attachment, ganyu wotolera mayankho, kafukufuku wa chaka chomaliza, kuthandiza aphunzitsi anu pa pulojekiti yawo, zonsezi ndi ntchito. Pa CV musalembe kuti munathandiza pa nazale. Lembani mtundu wa mitengo, kuchuluka kwa mbande, ndi zomwe zinapulumuka pofika mwezi wa Okutobala. Nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo aliyense amajambulitsa ali ndi mbande m'manja. Wobwerera dzuwa litaswa mtengo kukawerenga zamoyo ndi wosowa, ndipo lipoti la masamba atatu la zimenezo ndi chinthu choti mutha kuika pa tebulo pa intavyu.

Lowani WESM, bungwe lomwe lilipo kuyambira 1947 ndipo lili ndi nthambi m'mizinda ingapo. Pa maulendo ake owerenga mbalame ndi nyama mumayenda limodzi ndi anthu omwe amalemba ntchito. Mukhozanso kutsogolera kalabu ya zachilengedwe pa sukulu ya pulayimale yapafupi. Ndipo ngati mwakwanitsa zambiri zimene akufuna kupatula zaka, tumizani kalata basi.

Zotsatsa ntchito ndizipeza kuti, ndipo zabodza ndizizindikira bwanji?

The Nation ndi The Daily Times akadali malo amene boma ndi mabungwe amalengezamo. Onjezerani masamba a mabungwewo pa intaneti, Facebook ndi LinkedIn yawo, ReliefWeb, UN Volunteers, ndi bolodi la zidziwitso pa khonsolo. Magulu a WhatsApp a omwe anaphunzira pa dipatimenti yanu amathamanga kuposa zonsezi, koma ndi momwenso mumadutsa akamberembere.

Lamulo lake ndi limodzi: ntchito yeniyeni siyitanitsa ndalama. Wina akati tumizani ya fomu, ya yunifolomu kapena yoyezetsa kuchipatala pa nambala ya foni ya munthu, ameneyo ndi wakuba, ngakhale chikalatacho chikhale ndi chizindikiro cha bungwe lodziwika. Imbani ku ofesi ya bungwelo pa nambala imene mwaipeza nokha.

Ndine mtsikana ndipo makolo akuda nkhawa ndi zopita kutchire. Ndiwauze chiyani?

Auzeni kuti akazi alipo kale pa ulonda wa nyama, m'maofesi a nkhalango ndi pa kafukufuku wa m'nyanja. Koma nkhawa yawo si yopanda pake, ndipo nthawi zambiri choopsa si njoka. Musanapite, dziwani kumene mukagone, amene mukayende nawo, ndi munthu amene mungakadandaule kwa iye kupatula bwana wanu. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana pa ntchito. Wina akayamba zoti malo a internship kapena siginecha ya lipoti zidalira kuti mukumane madzulo, sungani mauthengawo ndipo dziwitsani amene akukuyang'anirani ku sukulu kapena akuluakulu a bungwelo.

Ndipite kaye ku masters kapena ndiyambe ntchito?

Ngati mwapeza sikolashipu, pitani. Ngati mukufuna kugulitsa munda wa makolo kuti mulipire masters chifukwa ntchito yasowa, dikirani; mudzabwerera pa mzere womwewo muli ndi pepala lalikulu koma manja osagwirapo kanthu. Sikolashipu ya Chevening ya ku Britain imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito zaka ziwiri, ndipo maphunziro ambiri a DAAD ya ku Germany a maiko omwe akutukuka amafunanso chimodzimodzi. Onaninso Commonwealth ndi Mastercard Foundation. Pa maphunziro aafupi a zanyama pali Mweka ku Tanzania ndi Southern African Wildlife College ku South Africa, ndipo Tropical Biology Association imachititsa maphunziro a kutchire a achinyamata a mu Africa. Amene ali ndi funso lakelake lofufuza ayese thandizo la Rufford Foundation kapena Conservation Leadership Programme. Onsewa amafuna makalata a anthu okuchitirani umboni, choncho aphunzitsi amene anakuyang'anirani kafukufuku musawataye. Muziwauza kumene muli, osati kungowakumbuka kutatsala tsiku limodzi kuti atseke kulandira makalata.

Ntchito ikapanda kupezeka, ndingadzilembe ndekha pa zomwe ndinaphunzirazi?

Mungathe, bola muyambe ndi funso lakuti wogula ndani. Nazale imalipira ngati mwagwirizana ndi ogula mvula isanagwe: masukulu, mipingo, makampani ndi mapulojekiti. Mbande za zipatso zomezanitsa, monga mango ndi mapeyala, zimagulidwa ndi anthu wamba pa ndalama zawo, pamene za mitengo yachilengedwe nthawi zambiri zimadikira bungwe. Kuweta njuchi, kuumba mbaula za chitetezo, kupanga manyowa kuchokera ku zinyalala za pamsika ndi kutolera zinyalala m'makomo a m'tauni ndi ntchito zimene achinyamata ena akudyerapo. Makala ndi nkhani ina: lamulo la nkhalango, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, limafuna chiphaso kuti munthu aotche makala ogulitsa, ndiye pitani kaye ku ofesi ya nkhalango musanagule ng'anjo. Mukayamba kuoneka, lembetsani bizinesi kapena gulu lanu ndipo mutsegule akaunti ya kubanki m'dzina lake, chifukwa khonsolo, mabungwe ndi thumba la GEF Small Grants lomwe limadzera ku UNDP sapereka ndalama m'thumba la munthu.